Kodi filimu yanga ndiiyambe ndi mkangano kuti anthu asachoke?

Funso

Ndikupanga filimu yanga yoyamba, ya mphindi 15. Ndi nkhani ya mtsikana amene wakula akuuzidwa kuti bambo ake anamwalira, koma tsiku lina akupeza kalata yosonyeza kuti ali moyo ndipo mayi ake akhala akumubisira. Panopa filimuyo ikuyamba ndi mayina a tonse amene tinagwira ntchitoyi, kenako zithunzi za mzinda zojambula ndi drone (kandege kakang'ono konyamula kamera), kenako mtsikanayo akudzuka, kusamba ndi kuvala. Kalatayo akuipeza pa mphindi ya 6. Anzanga amene ndawaonetsa akuti chiyambichi n'chogonetsa tulo, ndiye bola ndiyambe ndi mkangano wa mtsikanayo ndi mayi ake umene uli chakumapeto. Kodi akunena zoona? Nanga pali malamulo a kayambidwe ka filimu?

Yankho

Achimwene, anzanuwo akunena zoona kuti chiyambi chanucho chikugonetsa tulo. Pamene aphonya ndi pa chimene chikuchititsa tulolo. Iwo akuganiza kuti vuto ndi lakuti palibe akukuwa kapena kumenyana. Vuto lenileni ndi lakuti kwa mphindi 6 zathunthu woonera sakudziwa chimene akudikira. Munthu amatha kuyang'ana chitseko chotseka kwa nthawi yaitali ndithu osaphethira, bola akudziwa kuti kuseri kwake kwabisala munthu amene sayenera kupezeka. Mukamuonetsa chitseko chomwecho osamuuza kanthu, masekondi 20 okha amuchulukira.

Za malamulo, olembedwa kulibe. Zilipo ndi zizolowezi zimene opanga mafilimu akhala akupatsirana kwa zaka zoposa 100, ndipo oonera nawo anazimeza osadziwa. Chizolowezi chilichonse chinabwera kudzathetsa vuto linalake. Mukalidziwa vutolo, simuvutika kudziwa nthawi yochitsata ndi nthawi yochitaya.

Pocheza ndi mnzake wopanga mafilimu François Truffaut mu 1962, katswiri wa mafilimu ogunditsa mtima Alfred Hitchcock anapereka chitsanzo chimene aphunzitsi a filimu mpaka lero sanachipezere chochiposa. Anthu awiri akhala patebulo, akucheza nkhani zopanda mutu. Mwadzidzidzi bomba laphulika pansi pa tebulolo. Oonera adzidzimuka, inde, koma kwa masekondi 15 basi. Tsopano jambulani macheza omwewo, koma muyambe mwaonetsa munthu akutchera bombalo, muonetsenso wotchi ya pakhoma ndi nthawi imene liphulike. Kwa mphindi 15 woonera mtima uli m'mwamba, akufuna kuwakuwira anthuwo kuti dzukanipo. Pa mawu a ochezawo palibe ngakhale limodzi limene lasintha. Chasintha ndi chimene woonera akudziwa.

Orson Welles anachita zimenezi ndi bomba lenileni la m'nkhani poyamba Touch of Evil, filimu ya mu 1958. Chinthu choyamba kuoneka ndi manja a munthu akutembenuza kawotchi ka bomba. Munthuyo akuthamanga n'kukaliponya m'buti ya galimoto, bambo wina ndi mayi wina akukwera galimotoyo osadziwa kanthu, ndipo kamera ikukwera m'mwamba n'kuyamba kuwatsatira m'tauni ya m'malire a Mexico ndi America. Kwa mphindi zitatu ndi masekondi angapo chithunzicho sichidulidwa ngakhale kamodzi. Galimotoyo ikuima kwa wapolisi wapamsewu, ikudikira ngolo za amalonda kuti zidutse, ikuyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu. Chapakati pake kamera ikuisiya n'kutsatira banja lina longokwatirana kumene, limene likuyenda wapansi. Amenewa ndiwo eni nkhani, ndipo tikuwadziwa koyamba ali pafupi ndi imfa imene sakuiona. Galimoto ija ikawayandikira timagwira mpweya, ikawapitirira timapuma, kenako ikuwapezanso pachipata cha malire, pamene mayi wa m'galimoto uja akudandaula kuti akumva kugunda kwinakwake m'mutu mwake, koma palibe akumumvera.

Taonani kuti m'mphindi zitatuzo mulibe ndewu. Muli magalimoto ndi anthu oyenda, zinthu zotopetsa kwambiri kuposa mtsikana wanu akusamba. Koma masekondi ochepa oyambirira aja anatipatsa chinsinsi, ndipo chinsinsicho chikutigwira pampando.

Kampani ya Universal, imene inali mwini filimuyo, inapaka mayina a osewera pamwamba pa chithunzi chimenechi n'kuikaponso nyimbo ya Henry Mancini. Welles anawalembera chikalata cha masamba 58 chodandaula za mmene anaidulira filimu yake. Mu 1998, iye atamwalira kale, katswiri wodula ndi kulumikiza mafilimu Walter Murch anaikonzanso filimuyo motsata chikalatacho: mayina anachoka, ndipo m'malo mwa nyimbo ija munatsala phokoso la mumsewu ndi nyimbo zochokera m'mabala ndi pawailesi ya galimoto. Ngati mungapeze zonse ziwiri, ziikeni pamodzi. Muphunzirapo zambiri za chimene mayina amachita akaikidwa pamalo pamene maso a woonera ali ndi ntchito ina.

Tibwere ku mkangano wanu. Mukadutsa anthu awiri osawadziwa akukangana pamsewu, mumaima pang'ono, n'kupitiriza ulendo. Akakhala kuti mmodzi ndi mlongo wanu, simusuntha. Ukali wa mkanganowo ndi womwewo, chasiyana ndi chakuti wina mwa iwo ndi wanu. Pa sekondi yoyamba ya filimu yanu mtsikanayo sanakhalebe wa aliyense. Akamalira n'kumakalipira mayi ake, woonera akungoona osewera awiri akukuwa, ndipo sakudziwa kuti akhale mbali ya ndani. Choipa china n'chakuti mwatulutsa poyambirira chinthu chachikulu kwambiri chimene muli nacho, ndiye chikadzabweranso pa mphindi ya 12 chidzakhala chitazizira.

Mwina munena kuti, nanga mafilimu a James Bond bwanji amayamba ndi kuthamangitsana? N'zoona, kuyambira pa From Russia with Love ya mu 1963 mafilimu amenewa akhala ndi kagawo kotentha kamene kamabwera mayina asanaoneke. Koma Bond timamudziwa tisanalowe n'komwe m'holo. Ntchito yotidziwitsa munthuyo anaigwira kale mafilimu am'mbuyo. Inu mulibe mwayi umenewo. Ngakhale Saving Private Ryan ya mu 1998, imene anthu ambiri amaikumbuka ngati filimu yoyamba ndi nkhondo ya pagombe la Omaha, siyambira pagombepo. Imayamba ndi mkulu wokalamba akuyenda kumanda a asilikali, banja lake likumutsatira chapatali, mpaka akugwada pa mtanda wina. Steven Spielberg anayamba watipatsa nkhope ndi funso, kenako n'kutiponya m'madzi.

Ndiye kuchedwa pakokha si mlandu. Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri pa nkhaniyi ndi Once Upon a Time in the West ya Sergio Leone, ya mu 1968. Amuna atatu amfuti afika pa siteshoni ya sitima m'chipululu, atsekera mkulu wogulitsa matikiti m'kachipinda, ndipo akhala pansi kudikira. Basi. Kwa mphindi zoposa 10 pafupifupi palibe akuyankhula, ndipo nyimbo ya Ennio Morricone, imene anthu amaidziwa nayo filimuyi, siimveka. Chikumveka ndi chimphero champhepo chikulira kwichi kwichi, makina otumizira uthenga akugogoda mpaka mmodzi akuwazula nthambo, madzi akudontha pa chipewa cha wina, ndi ntchentche imene yakakamira pankhope ya wozula nthambo uja mpaka akuitsekera mumpope wa mfuti. Ukawerenga zimenezi papepala ungati munthu uyu wapenga. Ukaonera, sutha kuchotsa maso. Chifukwa chake n'chosavuta: tawaona anthuwa mmene alowera, tikudziwa kuti si oti angadikire munthu kuti amupatse moni. Wina akubwera pa sitimayo ndipo afa kapena apha. Dontho lililonse la madzi likuwerenga nthawi. Sitima ikafika, kuwomberana kwenikweniko kumatha m'masekondi ochepa chabe.

Leone akutiphunzitsanso za khutu. Ongoyamba kumene amathera nzeru zonse pa chithunzi, n'kuiwala kuti woonera amakhululuka chithunzi chosawala bwino koma sakhululuka mawu osamveka. Kawirikawiri filimu imayamba kumveka isanayambe kuoneka. Mu Jaws ya mu 1975, manotsi awiri a nyimbo ya John Williams amatiuza kuti m'madzimo muli chilombo, ndipo m'gawo lonse loyambalo chilombocho, chinsomba cholusa chotchedwa shaki, sitichiona. Timangoona mtsikana wosambira usiku akukokedwa uku ndi uku ndi chinthu chosaoneka. Tsono dzifunseni: filimu yanu ikamayamba, chinsalu chikadali chakuda, munthu akumva chiyani? Ngati yankho ndi nyimbo ya piyano yomwe munaitola pa intaneti chifukwa ikumveka yachisoni, ganizaninso. Nyimbo yotere imauza munthu kuti alire asanaone chomuliritsa.

Ntchito ina ya chiyambi, imene sikambidwa mokwanira, ndi kuphunzitsa woonera mmene aonerere filimuyo. M'mphindi ziwiri zoyambirira munthu amakhala akufunsa mumtima: apa ndiseke kapena ndiope? Zinthu za m'dziko limeneli zimayenda ngati za dziko lathu, kapena akufa amayankhula? Nkhani iyenda mothamanga kapena mofatsa? Mayankho amene mungamupatse ndi lonjezo, ndipo paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mukayamba ndi kuthamangitsana kwa magalimoto kenako n'kupereka nkhani yofatsa ya mayi ndi mwana wake, woonera amva kuti mwamunamiza, ngakhale nkhaniyo ili yabwino.

Billy Wilder anakumana nazo zimenezi popanga Sunset Boulevard ya mu 1950. Poyamba filimuyo inkayambira m'nyumba yachisoni, mitembo ikucheza n'kumauzana mmene inafera. Ataionetsa kwa anthu mongoyesa, holo yonse inafa ndi phwete, ndipo anthu atayamba kuseka sanathenso kuitenga nkhaniyo monga iye ankafunira. Wilder anachotsa gawo lonselo n'kujambula lina: apolisi ndi atolankhani akuthamangira kunyumba ina, mtembo wa mwamuna ukuyandama chafufumimba m'dziwe losambiramo, ndipo mawu a mwini mtemboyo akutifotokozera nkhani. Ganizo silinasinthe, wakufa ndi amene akusimbabe. Koma tsopano oonera anadziwa kuti akaseka, aseka ndi mantha.

Lonjezo limathanso kuswedwa dala, koma ndi amene akudziwa chimene walonjeza. Oonera anazolowera kuti wosewera wotchuka kwambiri safa msanga. Hitchcock anapha munthu wa m'nkhani amene ankamusewera Janet Leigh filimu ya Psycho isanafike n'komwe pakati, ndipo mu 1960 analamula kuti m'maholo asamalowetse munthu filimu itayamba kale. Wes Craven anapitirira pamenepo mu Scream ya mu 1996: Drew Barrymore, amene nkhope yake inali pa zithunzi zoitanira anthu, amafa mphindi 15 zisanakwane. Kuchokera pamenepo woonera sakhulupiriranso kuti pali wina wotetezeka. Njira imeneyi imagwira chifukwa choti chizolowezicho n'champhamvu. Popanda icho, palibe chimene chikanasweka.

Tsopano drone yanu. Chithunzi chotambalala cha malo, choonetsa kumene tili nkhani isanayambe, ndi chizolowezi chakale kwambiri ndipo chili ndi ntchito yake. Kale chinkadula, chifukwa pankafunika ndege kapena chikwereni chachikulu chonyamulira kamera, ndiye anthu ankachiganizira kawiri. Masiku ano aliyense angathe kuulutsa kamera, ndipo mafilimu ambirimbiri akuyamba mofanana: madenga a nyumba, misewu, magalimoto aang'onoang'ono. Chithunzi chotere chimatiuza kuti pali mzinda. Sichitiuza kuti mumzindamo mwavuta chiyani.

Yerekezani ndi mmene Bong Joon-ho anayambira Parasite ya mu 2019. Tikuona msewu wa mu Seoul, koma kudzera pa kazenera kamene kali mulingo umodzi ndi matayala a magalimoto ndi mapazi a odutsa, masokosi atayanikidwa kutsogolo kwake. Kenako kamera ikutsika, kutsikirabe, mpaka ikupeza mnyamata ali ndi foni m'manja, akudandaula kuti intaneti ya nyumba yapamwamba imene ankaba aitsekera ndi mawu achinsinsi. Posakhalitsa iye ndi mlongo wake apanikizana pafupi ndi chimbudzi, pamalo okhawo pamene foni ikugwira. Palibe wanena kuti banjali ndi losauka. Kamera yatsika, ndipo filimu yonseyo ndi ya anthu okwera ndi otsika masitepe. Malo taonetsedwa, koma tawaona ndi maso a anthu okhalamo.

Abderrahmane Sissako anayamba Timbuktu ya mu 2014 ndi mbawala ikuthamanga mumchenga, kumbuyo kwake galimoto ya amuna amfuti, ndipo mmodzi akuuza anzake kuti asaiphe, angoitopetsa. Ndiyo nkhani yonse ya mzinda umene wagwidwa ndi zigawenga, itanenedwa ndi nyama imodzi. Ousmane Sembène, mu La Noire de… ya mu 1966, anayamba ndi sitima yapamadzi ikufika padoko la kumwera kwa France, mtsikana wochokera ku Dakar akutsika atavala bwino, sutikesi m'manja, ndipo mumtima akudzifunsa ngati pali amene wabwera kudzamuchingamira. Funso laling'ono, koma takhala kale kumbali yake. Mwa zitsanzo zonse zimene ndatchula, ichi ndicho chili pafupi kwambiri ndi filimu yanu, ndipo sichinafune ndalama zambiri.

Za mayina ndinena mosabisa: achotseni, apite kumapeto. Ndikudziwa kuti anzanu anagwira ntchito mwina osalandira kanthu ndipo mukufuna kuwalemekeza. Ulemu waukulu kwa iwo ndi wakuti anthu aionere filimuyo mpaka ithe. Kale mayina ankabwera poyamba, ndipo m'maholo ambiri ankawanyoza moti nsalu yotchinga inkatsegulidwa mayinawo akutha. Wojambula wina, Saul Bass, ndi amene anawasandutsa gawo la nkhani. Pa The Man with the Golden Arm ya mu 1955, yonena za munthu wogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, anajambula timizere toyera pa chinsalu chakuda timene pamapeto timapanga mkono wopindika, ndipo filimuyo inatumizidwa m'maholo ndi uthenga woti atsegule nsalu mayina asanayambe. Patapita zaka, George Lucas anachita zosiyana: Star Wars ya mu 1977 ilibe mayina a osewera poyamba. Atachitanso chimodzimodzi pa filimu yotsatira mu 1980, n'kuika dzina la wotsogolera Irvin Kershner kumapeto, bungwe la otsogolera mafilimu la Directors Guild of America linamulipiritsa chindapusa. Analipira n'kutuluka m'bungwemo. Lero kuika mayina kumapeto kwangokhala chizolowezi, ndipo mu 2017 Netflix inaika kabatani kodumphira mayina oyambirira a masewero ake, chifukwa inaona chimene oonera ankachita kale ndi zala zawo.

Werengeraninso motere. Syd Field, m'buku lake la mu 1979 lophunzitsa kulemba mafilimu, anati masamba 10 oyambirira ndi amene amagwira kapena kutaya wowerenga. Tsamba limodzi limakhala pafupifupi mphindi imodzi pachinsalu, ndiye ndi mphindi 10 pa filimu ya maola awiri. Filimu yanu ndi ya mphindi 15. Mukachepetsa mofanana, mwatsala ndi mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Panopa mphindi imeneyo mukuithera pa mayina. Ndipo wa m'holo analipira, wakhala mumdima, sangachoke msanga. Wa pafoni chala chili kale pagalasi.

Mwina mukuganiza zoika mawu olembedwa kapena wofotokoza kuti atiuze kuti bambo anamwalira. Zimenezi n'zololedwa, koma onani mmene odziwa amachitira. Star Wars imayamba ndi ndime zitatu zolembedwa, koma chimene chimatiuza zoona za nkhondoyo ndi chithunzi chotsatira: kachombo kakang'ono kakuthawa, ndipo pamwamba pathu pakudutsa chichombo chimene sichikutha kudutsa. Wamphamvu ndani, wofooka ndani, tadziwa popanda liwu. The Godfather ya mu 1972 imayamba ndi mawu okhaokha, chinsalu chili chakuda. Kenako ikuoneka nkhope ya bambo wokonza maliro, akusimba mmene anyamata awiri anamenyera mwana wake wamkazi ndi mmene khoti linawamasulira osakalowa m'ndende. Akuyankhula kwa mphindi pafupifupi zitatu, kamera ikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mpaka tikuona phewa ndi dzanja la munthu amene akumvetsera. Mawu ndi ambiri, koma si ofotokozera ife. Ndi munthu amene akufuna chinthu kwa munthu wina, ndipo akuopa. Mwini nkhani tamudziwa tisanaone nkhope yake, kudzera m'mantha a wopempha. Panja pali dzuwa ndi ukwati, muofesimo muli mdima. Francis Ford Coppola ndi wojambula wake Gordon Willis anaika mayiko awiri a banjalo moyandikana m'mphindi zoyambirira zomwezo.

Phunziro lake kwa inu ndi lakuti mbiri ya m'mbuyo imalowa bwino ikakhala m'kamwa mwa munthu amene akuigwiritsa ntchito kuti apeze kanthu. Mayi akauza mwana wake kuti, paja ukudziwa bambo ako anamwalira uli ndi zaka ziwiri, aliyense amamva kuti mawuwo akupita kwa ife, chifukwa anthu awiri odziwa chinthu sauzana chomwecho.

Kudzuka, kusamba, kuvala: pafupifupi wophunzira aliyense amayamba filimu yake yoyamba motero, chifukwa tsiku limayamba motero. Cholinga chake n'chabwino, kutionetsa moyo wa masiku onse usanasokonezeke, kuti tidziwe chimene chatayika. Koma aliyense amasamba. Tionetseni chimene mtsikana uyu yekha amachita. Kampani ya makatuni ya Pixar, mu Up ya mu 2009, inaika moyo wonse wa banja m'mphindi zinayi zopanda mawu: ukwati, chiyembekezo cha mwana chimene chikutha m'chipinda cha dokotala, botolo la ndalama za ulendo limene likuswedwa mobwerezabwereza chifukwa cha mavuto, ukalamba, maliro. Pambuyo pake mwamuna wa m'banjamo, atatsala yekha, akamenya munthu ndi ndodo chifukwa chokhudza bokosi lake la makalata, sitimuda, pakuti tinaona manja amene analipaka utoto. Chilichonse m'mphindi zinayizo chinasankhidwa kuti chidzagwire ntchito kutsogolo.

Ndiye ndikanakhala inu ndikanatani? Bomba muli nalo kale, ndi kalatayo. Mwangolibisa kwa woonera mpaka mphindi ya 6. Litulutseni poyamba. Chinsalu chakuda, kumveka pepala likung'ambidwa. Manja a mayi atagwira envulopu, kumbuyo kwake kuli dzina la wotumiza. Maso ake akukwera kukhoma, pamene pali chithunzi cha mwamuna, pansi pake dzina lomwelo ndi zaka ziwiri, chobadwa ndi chomwalira. Kuchipinda china mtsikana akuitana kufunsa ngati mayi aona malaya ake. Mayi akulowetsa kalatayo msangamsanga m'sutikesi, pansi pa zovala. Apa ikani dzina la filimu, lokhalo, masekondi atatu. Zonsezi zingakwane m'masekondi 40.

Mukatero, zambiri zimene munajambula kale sizitayika. Mtsikana uja akufunafuna chovala, ndipo woonera akudziwa kumene zovala zili. Akayandikira sutikesi mtima ukugunda, mayi akamupatsa msanga malaya ena tikudziwa chifukwa chake. Pa zosamba ndi zovala zija sungani zokhazo zimene zikumufikitsa pafupi ndi kalatayo kapena kumuchotsapo. Zina zonse zidulidwe, ngakhale zinajambulika bwino chotani.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo muyenera kuudziwa musanasankhe. Woonera akadziwa chinsinsi mtsikanayo asanadziwe, sadzadzidzimukanso naye limodzi pa mphindi ya 6. M'malo mwake adzamumvera chisoni nthawi yonseyo, ndipo mayiyo adzakula m'nkhanimo, chifukwa tayamba ndi manja ake ndipo tanyamula naye chinsinsi. Mwina mupeza kuti filimu yanu ndi ya mayiyo kuposa mmene munkaganizira. Ngati mukufuna kuti ikhalebe ya mtsikanayo, pali njira yapakati: yambani ndi iye akulowa m'chipinda n'kuona mayi ake akubisa kanthu mofulumira. Sitikudziwa kuti n'chiyani, iyenso sakudziwa. Funso labadwa, ndipo tikulifunsa naye limodzi. Ine ndingasankhe yoyambayo, chifukwa mkangano wanu wa kumapeto udzapweteka kwambiri ngati tamvetsa anthu onse awiri. Koma nkhani ndi yanu.

Nanga kuyamba ndi kachidutswa ka mkanganowo kenako n'kulemba kuti masiku atatu m'mbuyomo? Ndi njira yodziwika, ndipo Sunset Boulevard ija ndi ya mtundu womwewo. Imagwira ngati chimene mwaonetsacho chikusintha funso kuchoka pa "chichitike n'chiyani" kupita pa "zinafika bwanji pamenepa", ndipo funso lachiwirilo n'lokoma kuposa loyambalo. Nthawi zambiri siikhala choncho. Imangokhala njira yopepesera pasadakhale chifukwa cha mphindi zotopetsa zimene zikubwera, ndipo oonera a masiku ano amazindikira msanga.

Mukadulanso, musawaonetse anzanu omwe aja, chifukwa nkhani akuidziwa kale ndipo sangathenso kuiona ndi maso atsopano. Pezani anthu atatu kapena anayi amene sanamvepo kanthu za filimuyi. Ikafika pa mphindi yachiwiri imitsani, ndipo musafunse ngati yakoma, pakuti adzakuyankhani mwaulemu. Afunseni kuti akuganiza kuti chichitike n'chiyani, ndiponso akudera nkhawa ndani. Mayankho awo akasiyana palibe vuto, bola aliyense akhale ndi lake. Mmodzi mwa iwo aonere pafoni, popanda zomvera za m'makutu, kuti mudziwe ngati dzina la pa envulopu likuwerengeka pa kagalasi kakang'ono ndiponso ngati kung'ambika kwa pepala kuja kukumveka.